M3, C63, STI kapena Mark X: ndi iti ingakhale nafe pa misewu ya Thyolo ndi Mulanje?

Mnyamata wa ku Thyolo kapena ku Mulanje akayamba kugwira kangachepe, kaya ndi wa geni ya ku Limbuli, kaya ndi wa mu ofesi ya esiteti ya tiyi, akatsegula masamba ogulitsa galimoto zakunja a BE FORWARD kapena SBT pa foni maso ake sakhalitsa pa Vitz. Amakaima pa BMW M3, Mercedes C63 AMG, Subaru WRX STI kapena Lexus IS F. Awa ndi masaluni a zitseko zinayi, okhala ndi mipando yakumbuyo ndi buti yolowa thumba la chimanga, koma pansi pa boneti anaikamo injini ya mpikisano. Opanga ake amalonjeza zinthu ziwiri pa mtengo umodzi: mkati mwa sabata muziyendera kuntchito ndi kukatula ana kusukulu, Loweruka mukaithamangitse pabwalo la mpikisano mpaka mtima ukhale pansi.

Lonjezo limeneli analipanga poganizira misewu ya ku Germany ndi ku Japan. Ine ndikufuna tiliyeze ndi msewu wathu wa M2, wochoka ku Limbe kudzera pa Bvumbwe, Thyolo, Luchenza ndi Chonde mpaka ku Muloza, komanso wa Midima wodzera pa Nkando. Ndinene msanga pamene ndaima. Kwa munthu wokhala kuno amene ali ndi galimoto imodzi yokha, saluni ya liwiro lenileni imamuvutitsa tsiku ndi tsiku, pamene bwalo limene anaipangira lili kutali kwambiri. Komabe galimotozi sizofanana zonse, ndipo pali zina zimene zingathe kukhala nafe bwinobwino.

Tikukamba za galimoto ziti

Gulu loyamba ndi la akuluakulu a ku Germany. M3 ya mtundu wa E90, imene inafika pamsika cha mu 2008, ili ndi injini ya V8, ya masilinda asanu ndi atatu, ya malita 4.0 yotulutsa mahosipawa 420, ndipo imakuwa mpaka kupitirira 8,000 pa geji ya ma rev. Yotsatira yake, F80 ya 2014, inabwerera ku masilinda asanu ndi limodzi koma ndi ma turbo awiri, mahosipawa 431. Yotsatiranso, G80 Competition, inabwera ndi 510. Mnzake wopikisana naye ndi C63 AMG. Ya mtundu wa W204, ya 2008, ili ndi V8 ya malita 6.2 ndi mahosipawa 457, onse akupita ku matayala akumbuyo. Kuti muone kukula kwa manambalawa, Corolla Axio ya 1.5 imene yadzaza m'misewu yathu ili ndi mahosipawa pafupifupi 110.

Gulu lachiwiri ndi la ana a rally: Subaru WRX STI ndi Mitsubishi Lancer Evolution. Izi zinabadwira m'mipikisano ya m'misewu ya fumbi, matope ndi miyala. Subaru inatenga chikho cha makampani pa mpikisano wa dziko lonse mu 1995, 1996 ndi 1997, pamene Tommi Mäkinen anapambana zaka zinayi zotsatizana ndi Evolution kuyambira 1996 mpaka 1999. Zimakoka ndi matayala onse anayi, ndipo STI ya ku Japan ili ndi injini ya malita 2.0 ya turbo yotulutsa mahosipawa 308.

Lexus IS F, imene inapangidwa kuyambira 2007 mpaka 2014, ili payokha: V8 ya malita 5.0, mahosipawa opitirira 400, koma ndi khalidwe la Toyota losakonda kugona kugalaja. Kenako pali gulu lapakati limene anthu amalipeputsa, la Toyota Mark X, Lexus IS 250 ndi IS 350, Crown Athlete, Subaru Legacy B4, ngakhale BMW 3 Series wamba yovala zovala za M Sport. Mark X ya malita 2.5 ili ndi mahosipawa pafupifupi 200, ya 3.5 ili ndi 318.

Lolemba m'mawa pa M2

Vuto loyamba silikhala la injini ayi. Ndi mpata wa pakati pa mimba ya galimoto ndi msewu. M3 imakhala pamwamba pa tala ndi masentimita pafupifupi 12, pamene Hilux imapitirira 20. Pa hampu ya pamsika muyenera kutsika liwiro mpaka kuyenda ngati wapansi, kulowa chopingasa, tayala limodzi kaye kenako linzake, kumbuyo minibasi ikuliza hutala. Mukanyamula anthu atatu kumbuyo ndi katundu m'buti, mumamva ndithu kukhula pansi, ndipo chimene chikukhulacho ndi bampala ya pulasitiki yosapezeka ku Limbe. Ukangochoka pa tala kulowa njira ya m'minda ya tiyi, ya kumudzi kwa agogo kapena ya kumaliro, pamene mvula yakumba ngalande pakati, sampu ya oyilo imakhala pa chiswe. Amene anaona mmene namondwe wa Freddy anasiyira misewu ndi milatho ya ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mu Marichi 2023 akudziwa kuti kuno njira yabwino lero ikhoza kukhala yokhota kudzera m'matope mawa.

Matayala ndiwo ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ambiri sawerenga manambala olembedwa m'mbali mwake. Tayala la 195/65 R15, lofala pa masaluni wamba, lili ndi mphira wa m'mbali wotalika pafupifupi masentimita 12.7. Tayala la 255/35 R19, la kutsogolo kwa M3 ya F80, lili ndi masentimita osakwana 9. Mphira wochepawo ndi umene umachititsa kuti chiwongolero chizimvera msanga pokhota, koma ndi womwewonso umene umalephera kumeza dzenje. Mukaponda dzenje la milomo yakuthwa, tayala limapanikizika pakati pa limu ndi tala. Mukaima kuti muone, mupeza m'mbali mwatupa chotupa chonga dzira. Tayala lotero silimatidwa, latha basi, ngakhale mapanga ake akadali atsopano. Mwatsoka limu nayo imapindika kapena kung'aluka. Ndiye kumbukirani kuti M3 sibwera ndi tayala lapadera. M'buti mumangokhala kabotolo ka mankhwala omata ndi kapampu, zimene sizithandiza kanthu pa tayala long'ambika m'mbali. Anyamata omata matayala pa Luchenza kapena pa Chitakale ndi aluso ndithu, koma 275/35 R19 sangakhale nalo. Galimoto igona pomwepo kudikira tayala lochokera ku Blantyre, nthawi zina ku Johannesburg.

Nyengo yathu nayo ili ndi mawu ake. Thyolo ndi Mulanje ndi maboma a mvula yambiri, n'chifukwa chake tiyi amakondako. M'miyezi yozizira chiperoni chikabwera, tala amakhala wonyowa tsiku lonse, chifunga chitaphimba zitunda. Pamalo pamene mathirakitala onyamula masamba a tiyi amatulukira mumsewu waukulu, amasiya dothi lofiira lopakika pa tala, loterera kuposa mmene limaonekera. C63 yokankha ndi matayala akumbuyo okha, mukaiponda pang'ono mopitiriza pamalo otero, kumbuyo kumafuna kudutsa kutsogolo. Makompyuta oteteza kutsetsereka amathandiza, ndipo musadzayerekeze kuwazimitsa pamsewu, koma sangapange kugwira pamene palibe. Apa STI ndi Evolution zimaposa anzawo onse. Kukoka ndi matayala anayi kumaikhazika galimoto pansi ponyamuka ndi potuluka m'makona. Chenjezo lake ndi loti poima sikuthandiza chilichonse, mabuleki ndi matayala ndi omwe aja.

Mafuta. Injini zimenezi anazipangira petulo wa octane yokwera, 95 kapena 98, wosafulumira kuphulika akapanikizidwa, ndipo za turbo zochokera ku Japan anazitchera petulo wapamwamba wa kumeneko. Kuno pa filing'i siteshoni petulo ndi wa mtundu umodzi, wosakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo palibe pampu ina yoti musankhe. Injini yamakono ikamva kuti mafuta akuphulika nthawi isanakwane imadzichepetsera yokha mphamvu, kutanthauza kuti mahosipawa amene munalipira simuwapeza onse. Choopsa chenicheni ndi nthawi ya kusowa kwa mafuta, monga takhala tikuonera kuyambira 2022, pamene munthu amakakamizika kugula wa m'zigubu wosadziwika chimene athiramo. Probox imamwa n'kupitiriza ulendo. Injini ya EJ ya Subaru, imene ili mu STI, ikapondedwa mwamphamvu ndi mafuta oipa, imatha kuswa mapisitoni. Za kamwedwe, C63 ya 6.2 ngakhale pa mapepala a kampani imafuna malita 12 mpaka 14 pa makilomita 100, ndipo pa zitunda za Thyolo phazi likalemera imadutsa pamenepo. Pamzere wa mafuta akamapereka mongogawa, mwini Axio amapita kutali kawiri kuposa inu.

Nanga ikadwala? Galimoto iliyonse mwa izi ili ndi nthenda yake yodziwika. V8 ya M3 E90 imadya mabering'i a ma conrod, zitsulo zolumikiza mapisitoni ku shafuti ya injini, ndipo eni ake odziwa amawasintha asanamve phokoso. Imafunanso oyilo wa 10W-60, osati aliyense wa pashelefu. C63 zoyambirira, za 2011 isanafike, zinali ndi vuto la mabawuti omangira mutu wa injini, cylinder head. STI imafuna kusintha timing belt, lamba woyendetsa mavavu, pa nthawi yake ndi kuyang'ana oyilo pafupipafupi. Amakaniko athu ndimawalemekeza, ambiri amamva vuto ndi khutu galimoto isanazime. Koma M3 ya F80 imafuna kompyuta yoiwerenga ndi munthu amene anaitsegulapo kale, ndipo otere muwapeza ku Blantyre, osati paliponse. Masipeyala ake amagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa chilichonse choitanitsa unalumpha tsiku lomwelo. Onjezani msonkho woombolera ku MRA, umene umakwera injini ikakula komanso galimoto ikakalamba. V8 ya zaka zoposa khumi yagwa m'mbuna zonse ziwiri.

Bwalo lili kuti?

Tiyerekeze kuti zonsezi mwazivomera chifukwa mtima wanu uli pa Loweruka lija. Ku Thyolo ndi ku Mulanje kulibe bwalo lothamangitsirapo galimoto. Mabwalo odziwika ali kunja: Donnybrook ku Harare, ulendo wa makilomita pafupifupi 600 kuchokera ku Blantyre kudzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda, Zwartkops pafupi ndi Pretoria, bwalo la makilomita 2.4; ndi Kyalami ya makilomita 4.5 pafupi ndi Johannesburg, kumene Formula One inathamangira komaliza mu 1993. Kuti M3 yanu ikaponde kumeneko muyenera kudutsa zipata za mayiko, mapepala a galimoto ndi inshulansi za m'njira zili m'manja, pa matayala omwe aja oopa maenje.

Mukafika, galimotozi zimachita zodabwitsa, zimenezo sindikana. M3 ndiyo yakuthwa kuposa zonse, imakhota ngati ikuwerenga maganizo a woyendetsa. C63 ndi ya phokoso ndi mphamvu, imakonda kutaya kumbuyo ndi kudya matayala. STI imakhululukira wophunzira, ngakhale kutsogolo kwake kumakankha pokhota mwamphamvu. Koma zonse zili ndi mtolo umodzi: kulemera. M3 yamakono imapitirira makilogalamu 1,700, ndipo C63 yatsopano, ya injini ya masilinda anayi ndi batire, imadutsa matani awiri. Kuimitsa kulemera kotero kuchokera pa liwiro la 200, kona ndi kona, kumasandutsa mabuleki ng'anjo. Mukazungulira kangapo, mafuta a mabuleki amawira, pedulo imafewa n'kumapita pansi, mapadi amanunkha. Choncho ngakhale galimoto imene amati ndi ya pabwalo imafuna kuikonzekeretsa: mafuta a mabuleki opirira kutentha, mapadi olimba, matayala ena. Mapadi olimbawo mukabwera nawo kuno amalira pa hampu iliyonse ndipo sagwira bwino akadali ozizira m'mawa. Matayala a pabwalo nawo ndi oopsa pa tala wonyowa ndi chiperoni. Mukaikonzera bwalo mwaiwonongera msewu, mukaikonzera msewu mwaichepetsera pabwalo. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa.

Dziwaninso kuti inshulansi wamba siteteza galimoto ikakhala pa mpikisano kapena pabwalo. Mukagunda khoma, zonse ndi za m'thumba mwanu, ndipo ngati galimotoyo ndi yomwe mumayendera kuntchito, Lolemba mukwera minibasi. N'chifukwa chake anthu okonda bwalo kwenikweni amasankha kagalimoto kopepuka ngati Mazda MX-5 kapena Toyota 86, kolemera pakati pa tani imodzi ndi makilogalamu 1,300, kosadya matayala ndi mabuleki, ndipo amakasiya kufupi ndi bwalo. Kwa ife a kuno pali njira ina yotsika mtengo kuposa zonsezi. Ku Zwartkops kuli sukulu yophunzitsa kuyendetsa ya Mercedes-AMG, kumene mumalipira tsiku limodzi n'kuyendetsa galimoto zawo, pa matayala awo, mphunzitsi akukuwongolerani. Mtengo wa ulendo ndi maphunziro otero sungafike pa zimene mungawononge chaka chimodzi posamala C63 yanuyanu.

Pali chinthu chimene chimandidetsa nkhawa kuposa ndalama. Munthu akagula galimoto ya mahosipawa 450 koma bwalo palibe, msewu wa onse ndi umene umasanduka bwalo. Makona a pakati pa Bvumbwe ndi Thyolo, tiyi wobiriwira mbali zonse, amakopa phazi. Malo owongoka a ku Midima, phiri la Mulanje likuonekera kutsogolo, amakopa koposa. Koma m'mbali mwa misewu imeneyi mumayenda anthu: amayi othyola tiyi m'mamawa madengu ali kumsana, ana asukulu m'magulu, akabaza atanyamula munthu ndi katundu, njinga yosenza nanazi kapena matumba a makala yopanda nyale, mbuzi. Galimoto yothamanga 160 imadutsa mamita 44 pa sekondi imodzi, ndipo mtunda woti iime ndi wotalika kanayi kuposa ikamathamanga 80, chifukwa liwiro likawirikiza kawiri mtunda woimira umawirikiza kanayi. Pabwalo aliyense amalowera mbali imodzi, wavala chipewa cholimba, ambulansi ili pafupi, ndipo anasankha yekha kukhalapo. Mwana wodumpha msewu pa Chonde sanasankhe chilichonse.

Ndiye tisankhe iti?

Ngati galimotoyo idzakhala yokhayo pakhomo, ine ndikuti Mark X kapena Lexus IS, pa malimu a mainchesi 16 kapena 17. Imakankha ndi matayala akumbuyo ngati akuluakulu aja, V6 yake imalira mokoma, ndipo ya 3.5 imadutsa lole pa chitunda mosakayika konse. Mark X inapangidwa kuyambira 2004 mpaka 2019 ndipo zilipo zambiri m'dziko muno, choncho masipeyala, atsopano ndi akale omwe, amapezeka ku Limbe, ndipo makaniko wa pa boma anaionapo. Ya 2.5 imakonda kuunjika mwaye m'mavavu chifukwa cha mmene imathirira mafuta, pamene ya 3.5 ili ndi njira ziwiri zothirira ndipo vutoli ndi lochepa. Pabwalo si ya mpikisano, giya yake ya otomatiki ndi mabuleki ake zimatopa msanga, koma bwalolo mudzapitako kangati? Cholakwika chimene ndimaona kawirikawiri ndi kugula Mark X yabwinobwino kenako kuidula masipuling'i ndi kuiveka malimu a 19 kapena 20. Pamenepo mwadzigulira mavuto onse a M3 popanda liwiro lake.

Ngati mtima wakana, ukufuna ndithu galimoto ya mpikisano, STI ndi imene ikugwirizana ndi dera lathu kuposa zina. Mvula siiopa, fumbi labwino imalidziwa, ndipo okonda Subaru alipo m'dziko muno oti mungafunsane nawo nzeru. Koma ndi youma pamsana, kilachi yake ndi yolemera mumzere wa ku Limbe, imamwa kwambiri, ndipo siyokwera monga ena amaganizira. Ya pamsewu siyofanana ndi ya rally imene anaikweza ndi kuitchinga kumimba. Pewani imene mwini wake woyamba anaisintha kompyuta kuti iwonjezere mphamvu, chifukwa anaitchera mafuta amene kuno kulibe. Evolution ndi chimodzimodzi, kungoti inasiya kupangidwa mu 2016 ndipo mitengo yake yakwera.

IS F ndiyo V8 imene ndingaikhulupirire kuno. Injini yake sichedwa kukhululuka ndipo sikonda kufa. Koma ndi yotsika, mashokomzoba a zaka zoyambirira ndi ouma kwambiri, imabwera pa malimu a 19, ndipo msonkho wa injini ya malita 5.0 mudzaumva.

M3 ndi C63 ndi za munthu amene ali kale ndi Hilux kapena Prado pakhomo, amene ulendo wake ndi wa pa tala wokhawokha pakati pa Blantyre ndi Mulanje, ndipo akhoza kuisiya mwezi wathunthu itaima kudikira chipangizo osadandaula. Kwa munthu wotero ndi galimoto zokoma zedi, ngakhale pa liwiro lololedwa: kulira kwa 6.2 ikamadzuka m'mawa, kulemera kwa chiwongolero cha M3 m'manja, zimenezo munthu amazimva osafika 100. Pakati pa ziwirizi, C63 ya W204 ili ndi injini yopanda turbo ndi giya ya otomatiki yosavuta m'tauni, pamene M3 ndi yopepukirapo ndi yakuthwa. Ngati mwasankha M3, funani ya malimu a 18, chifukwa E90 ndi F80 zonse zinkatuluka nawo ndipo amakwana bwino pa mabuleki wamba. Gulani tayala lapadera lopyapyala, jeke yolowa pansi pa galimoto yotsika ndi sipanala yake, muziike m'buti galimoto isanachoke ku Blantyre. Musanatumize ndalama, pemphani mbiri ya mmene ankaikonzera, makamaka ngati mabering'i a E90 kapena mabawuti a C63 yoyambirira anasinthidwa, ndipo mufunse makaniko amene adzaisamale ngati ali ndi kompyuta yoiwerenga ndi kumene adzapeze oyilo wake.